Za ana asanu ndi kiyibodi imodzi

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Leeds, inu, abambo ndi ana onse. Kuno tili bwino ndithu. Ndiyankhe funso lanu lija la momwe mungaikire maphunziro a nyimbo pa ndandanda ya ana amene mukuwaphunzitsira pakhomo.

Tsiku la mphunzitsi silivuta. Aphunzitsi ambiri kumeneko amapanikizika kuyambira 4 koloko madzulo ana akaweruka kusukulu, koma m'mawa amakhala ndi mpata. Pezani amene angabwere kunyumba, mwachitsanzo Lachitatu 10 koloko, aphunzitse ana motsatizana, mphindi 30 aliyense. Amene akudikira azichita masamu kapena kuwerenga, zinthu zosafuna inuyo pafupi.

Chovuta ndi masiku enawo, pamene mwana ayenera kuyeserera yekha. Mukasiyira madzulo, aliyense watopa, inu muli pa mphika, ndiye sabata imatha kiyibodi osaikhudza. Ikani m'mawa, pakati pa maphunziro ena. Wa zaka 6 ayambe mukangomaliza kadzutsa, mphindi 10 zokha, inu muli pambali pake, chifukwa payekha angosewera. Wa zaka 8 atenge mphindi 15, wa zaka 12 mphindi 30, makamaka pamene kamwana kakang'ono kagona, poti sikalephera kubwera kudzamenya makiyi. Mphindi 15 tsiku lililonse zimathandiza kuposa maola awiri Loweruka. Zala zimaphunzira pobwereza kawirikawiri.

Musaike onse pa kiyibodi. Wa zaka 10 uja mumgulire gitala yocheperako, ya saizi ya 3/4, ya nsambo za nayiloni, zosapweteka zala ngati zawaya, aziimbira kuchipinda nthawi imene mnzake ali pa kiyibodi. Ndipo musawayambitse onse mwezi umodzi. Ayambe awiri, chizolowezi chikakhazikika muwonjezere wina.

Chenjerani ndi ichi: mwana amakonda kuyambira pachiyambi pa nyimbo, kuphonya pamalo pomwepo, n'kuyambiranso. Mphindi zimatha akubwereza zomwe akudziwa kale, ndipo cholakwacho chimalowa m'zala. Pemphani mphunzitsi azilemba m'kope kagawo kovutako, mabala anayi basi (bala ndi kachigawo ka nyimbo yolembedwa, pakati pa mizere iwiri yoimirira). Mwana aimbe kagawoko kasanu, pang'onopang'ono, dzanja lamanja lokha, kenako lamanzere, kenako onse pamodzi, metronome (kachipangizo kogunda kosunga liwiro la nyimbo) ili pa 60, kutanthauza kugunda ka 60 pa mphindi. Mahedifoni amathandiza kuti ena awerenge mwabata, koma amabisa zolakwa, choncho Lachisanu aliyense aziimba poyera onse akumva.

Kiyibodi ya makiyi 61 ikwanira poyamba, bola ikhale yomveka mokweza kapena motsitsa malinga ndi mmene mwana wadindira. Wamkuluyo akamapita patsogolo adzafunika ya makiyi 88 olemera ngati a piyano. Mukafuna mayeso a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa mayeso a nyimbo, dziwani kuti asanalembe Grade 6 yoimba pamaso pa woyesa, njira yodziwika n'kuyamba wakhoza Grade 5 ya theory (malamulo a kawerengedwe ndi kalembedwe ka nyimbo), ndiye theory muipatse mphindi 20 kawiri pa sabata kuyambira pano. Mayesowo musawathamangire kwa ang'onowa.

Do re mi ya kukwaya ija musaitaye. Muziimba nawo onse mphindi 5 musanayambe maphunziro, ngakhale wa zaka 3 alowemo. Khutu limakhwima msanga kuposa zala.

Mundilembere mphunzitsi mukampeza. Moni kwa onse.

Ine mchemwali wanu