Kalata kwa mnzanga ku Joni: za galimoto yobwereka

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi mlamu ndi ana. Kuno ku Mzuzu tilipo, kungoti chisanu chafika poti m'mawa sutha kugwira madzi. Mauthenga ako a pa WhatsApp ndakhala ndikuwaona, koma nkhani imene ndili nayo siyokamba m'mawu awiri, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino.

Ndinachita ngozi, aise. Mtima usakudumphe, ndili moyo ndipo sindinavulale. Chondisowetsa tulo n'chakuti galimotoyo sinali yanga. Inali Sienta ya alamu anga, amuna a achemwali, imene anandibwereka kuti tipitire kumaliro ku Jenda.

Tinanyamuka kusanache, tili anthu asanu. Titadutsa Lusangazi n'kulowa m'nkhalango ya Chikangawa, chifunga chinatikuta moti mitengo ya paini m'mbali mwa msewu inkangooneka ngati zithunzithunzi. Kutsogolo kwathu kunali pikapu. Mwadzidzidzi inaima, poti lole yamatabwa inali itafera pamsewu, eni ake atangoyala nthambi pa tala ngati chenjezo. Ndinaponda buleki koma msewu unali wonyowa. Phwaa! Boneti inapindika, madzi a m'rediyeta ali chuchuchu pansi, nthunzi ili tolo. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwa pikapuyo anathyoka mkono, ndipo anathamangira naye ku Mzuzu Central Hospital. Kulira kwake sikunandichoke m'makutu mpaka lero.

Mwini pikapu anandikokera pambali, amvekere: "Achimwene, tingomvana pompano, za apolisi zingotichedwetsa." Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa manja anali njenjenje ndipo ndinkangoganiza za nkhope ya alamu. Amalume amene tinali nawo ndi amene anandigwira dzanja. Anati munthu wavulala, galimoto ndi ya eni, palibe cholonjeza pamsewu. Tinadikira apolisi apamsewu, anayeza, analemba, kenako lipoti linadzatuluka. Wolakwa anapeza kuti ndine, poti ndinagunda kumbuyo, ndipo sindinatsutse. Ndinazindikira pambuyo pake kuti popanda lipotilo a inshulansi sakanatimvera n'komwe, komanso iwo safuna kuti uvomere kulipira munthu asanadziwe.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse. Ine ndinkangodziwa kuti kapepala ka inshulansi kakamatidwa pagalasi lakutsogolo ndiye kuti zonse zili bwino. Ayi ndithu. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi ya third party, ndipo ambirife timagula imeneyo chifukwa ndi yotchipa, tidutsire paloboloko. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene wawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto imene ukuyendetsayo siikhudzidwa ngakhale pang'ono. Yokonzetsa galimoto yakoyo ndi comprehensive, ndipo nayonso pamakhala kagawo koyamba kamene mwini amalipira yekha, amati excess. Alamu anali ndi third party.

Ku ofesi ya inshulansi tinapita limodzi, chifukwa mgwirizano uli m'dzina lawo ndipo fomu ayenera kusaina ndi iwo. Mayi amene anatilandira anafunsa mafunso amene sindinawayembekezere. Kodi mwini anakulolezani kuyendetsa? Laisensi yanu ndi yosatha? Nanga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu? Kenako anafunsa lomwe linandiumitsa pakamwa: kodi okwerawo analipira? Tinali titasonkherana ya mafuta monga timachitira pamaliro, ndipo tinafotokoza momwemo. Anatiuza kuti galimoto yolembetsedwa kuti ndi yoyendera banja ikapezeka ikuchita matola, kampani imatha kukana. Ganizira ma Sienta onse amene amanyamula anthu kupita ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay, ndi angati amene analembetsa zoona?

Mwamwayi mapepala athu anali bwino, ndiye za pikapu ndi za mayi uja akuziyendetsa ndi iwowo, ngakhale zikukwawa ngati nkhono. Anatichenjezanso kuti ndalama imene angapereke ili ndi malire olembedwa mumgwirizano, ndipo chipukuta misozi chikapyola pamenepo, chotsalacho chimabwerera kwa ife. Zikadzavuta, ndadziwa kuti madandaulo a za inshulansi amalandiridwa ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani amenewa.

Sienta ija ili kugalaja ku Luwinga, kutsogolo kuli pululu. Makaniko walemba zofunika: boneti, bampala, rediyeta, nyali zonse ziwiri. Alamu sanandikalipire, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Anangoti, "Bola moyo, alamu." Koma galimoto imeneyo ndi imene inkatenga ana kusukulu ndi kukapikula katundu wa golosale yawo. Dzana ndinakumana ndi achemwali atakwera sacramento, njinga ya kabaza ija, mwana kumsana, thumba la shuga pamiyendo, kamvula kakuwaza. Ndinasowa poyang'ana. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka, ine ndaliona likuthyokera m'manja mwanga. Achibale ena akuti tsoka silinunkha, poti unali ulendo wa maliro tisonkherane tonse. Ine ndakana kuwasenzetsa. Chiwongolero chinali m'manja mwanga, ndipo ndawauza alamu kuti ndikonzetsa ndekha, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Ndakulembera zonsezi chifukwa cha galimoto yako ija unasiyira mng'ono wako ku Chibavi. Ndimaiona m'tauni muno, ndipo si masiku onse pamene woyendetsa amakhala iyeyo. Sindikumuneneza ayi, ndi mwana wabwino, ndipo kwathu kuno kumana m'bale galimoto pa matenda kapena pa maliro n'kovuta. Koma galimotoyo ili m'dzina lako, ndipo zitavuta dzina lako lidzatchulidwa iwe uli kutali. Muimbire, akujambulire mapepala onse akutumizire. Uone ngati inshulansi yake ndi third party kapena comprehensive, ithera liti, ndiponso ikuloleza ndani kuyendetsa, chifukwa ina imatchula mayina a oyendetsa, ina imavomereza aliyense wa laisensi amene mwini wamuloleza. Umuuzenso mosabisa kuti isanyamule anthu olipira. Ukafuna, Loweruka ndikhoza kudutsako ndikawaone ndekha mapepalawo.

Mayi uja anatuluka m'chipatala, ali ndi chikhakha. Lamulungu ndikukamuona pamodzi ndi achemwali. Uzitikumbukira m'mapemphero, ndipo upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale,
ku Mzuzu