Tadala, za agogo ako m'chisanu chino

Tadala mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, abambo a Mphatso ndi ana omwe. Meseji yako ndaiona yoti watumiza ndalama kwa agogo ako pa Airtel Money komanso wawapezera bulangeti ndi juzi pa kaunjika, wachita bwino zikomo. Koma ndati ndikulembere bwinobwino chifukwa pa foni timangothamangitsana ndi bandulo nde zinazake sizituluka.

Ndinawayimbira Lamulungu ndipo mawu awo sanandisangalatse. Akungoyankha kuti tadzuka, tadya, basi, munthu amene kale ukamuyimbira umayamba ndiwe kutsanzika chifukwa nkhani zake sizitha. Kutchalitchi akuti mawondo akukana ndi kuzizira, ku chigwirizano anasiya kupita. Iwe mwina uti ndi ukalamba chabe koma ine ntchito yanga kuno ku England ndi yomweyi yosamalira okalamba ndipo mayankhidwe amenewa ndimawadziwa.

Kuno ikafika Disembala 4 koloko masana kunja kwada kale. Nyumba zawo ndi zofunda, a zaumoyo amalangiza kuti m'nyumba musazizire kutsika madigiri 18, chakudya chilipo mankhwala alipo, koma gogo amene palibe akubwera kudzamuona umangoona wayamba kusiya chakudya m'mbale, akugona masana onse usiku ali maso, kusamba akukana, kenako kuiwala kumakula. Mnzake wa chipinda chinacho matenda ake omwewo koma mwana wake amabwera Loweruka lililonse, ameneyo amadzuka yekha kupesa tsitsi kumadikira pa windo. Vutoli ndi lalikulu moti mu 2018 boma la kuno linachita kuika nduna yoona za kusungulumwa, eti unduna wa kusowa wocheza naye, ife Amalawi tinkaseka kuti kwathu sizingachitike pamene ana athu onse ali ku tauni ndi ku Joni ndipo enafe tili kuno.

Dedza ukuidziwa, ili pamwamba pafupifupi mamita 1,600 ndipo Juni ndi Julayi kumazizira zenizeni. Dzuwa likangolowa isanakwane 6 aliyense wadzitsekera kwake. Nthawi ya mvula agogo ako amakhala ndi kumunda, amakumana ndi anthu panjira, pano zokolola zalowa m'nyumba, anzawo amene ankakhala nawo pakhonde ena chisanu chawatsekera ena anatisiya, ndipo chimwalirireni agogo ako aamuna usiku wonse uja amautha okha.

Nde ndikupempha upite. Kuchoka ku Lilongwe ndi makilomita ngati 85 okha pa M1, minibasi imodzi. Ukagone komweko, zofika 11 koloko n'kumayang'ana wotchi 2 koloko ayi. Ndipo ukafika usawalande ntchito, ndikukudziwa iwe ukangofika wagwira tsache wagwira poto iwo wawakhazika pampando ngati mlendo. Yala mphasa padzuwa muothere limodzi, uwapatse lichero la mtedza aziswa iwe ukutonola chimanga, uwafunse kaphikidwe ka futali ngakhale umadziwa, uwafunse za abale, ndani anabereka ndani, anakumana bwanji ndi agogo ako aamuna, nthawi ya Kamuzu ankavina kuti. Akabwereza nkhani imene wamva kale usawadule. Munthu wamkulu akaona kuti pali chimene akufunidwira ndi pamene njala imabwerera, ndaziona ndi maso anga.

Zowatenga kukakhala nawo ku Area 25 ndinamva abambo a Mphatso anazitchula, uwathokoze mtima wawo ndi wabwino koma ine sindikugwirizana nazo. Nonse mumachoka m'mawa, ana kusukulu, iwo azitsala mumpanda ndi TV geti lotseka osadziwa ngakhale neba mmodzi. Kumudzi bola wodutsa amati odi. Sukulu ikatsekera mu Julayi utumize Mphatso ndi mng'ono wake akakhaleko masabata angapo, akamve nthano pamoto, ana ako sadziwa n'komwe kuyankha kuti tili tonse. Foni uziwayimbira nthawi imodzimodzi madzulo kuti azidziwa choyembekezera, ndipo kawailesi kaja uone ngati kakugwirabe, amakonda kumvera mapemphero ndi mauthenga.

Mbaula ndiye ndikuopa kwambiri. Asamagone nayo m'nyumba chitseko ndi mawindo zili zotseka, makala amatulutsa mpweya wosaoneka wosanunkha umene umapha munthu ali mtulo, akamadzuka ndi mutu ndi chizungulire ukhale tcheru. Aothe kukhitchini kenako akagone ndi masokosi, chipewa ndi mabulangeti awiri. Chifuwa chikayamba ndi kupuma mobanika, kapena akangosokonezeka mwadzidzidzi, thamangira nawo kuchipatala usadikire kuti thupi litenthe, chibayo mwa okalamba pena chimabwera popanda kutentha thupi.

Pali china chimene sindifuna kuchitchula pa foni. Gogo wokhala yekha, wosasamba chifukwa madzi akuzizira, woyankhula yekha chifukwa alibe woyankhula naye, ukudziwa dzina limene anthu amayamba kumupatsa mwana wa neba akadwala. Ku Neno mu 2016 anapha okalamba anayi mphezi itapha mtsikana, akuti ndi afiti. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo kuyambira 1911, mu 2024 aphungu anavomerezanso lamulo loteteza okalamba, koma apolisi amafika zinthu zitachitika kale. Mudzi uziona kuti pakhomo paja pamabwera anthu, pali eni ake. Ukapita ukadutse kwa amfumu ukapereke moni, ukadutsenso kwa amayi achigwirizano uwapemphe azikawatenga popita, ngakhale pa kabaza ndilipira ine. Amalume ako ndawayankhula kale, monga eni mbumba ati apezako mdzukulu wamkuluko azikagona nawo, iwe ukatsimikize kuti zachitikadi chifukwa achimwene anga kulonjeza sikuwavuta.

Ya transipoti ndikutumizira Lachisanu ndikalandira, uwonjezerepo shuga, masamba a tiyi ndi mafuta odzola chifukwa khungu lawo limang'ambika nyengo ino. Ukafika undiyimbire pa video ya WhatsApp ndiwaone nkhope, netiweki imagwira bwino pachulu paja kuseri kwa khola.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mayi ako.