Zimene ndimaona ku Dar es Salaam zayamba kufika ku Lilongwe

Akonzi,

Ndine mayi wa geni. Ndimakwera basi kudzera pa Songwe kukaoda zitenje ndi nsapato kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo ulendo uliwonse ndimapeza Dar es Salaam itakula kuposa mmene ndinaisiyira. Kale tikafika pa Kibaha tinkadziwa kuti tauni ikadali kutsogolo. Lero nyumba zangolumikizana, sungaloze pamene mzinda wayambira. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 5 miliyoni mumzinda umodzi umenewo, pomwe Lilongwe yathu mu 2018 inali isanakwane 1 miliyoni.

Boma la Tanzania linagamula kalekale, mu 1973, kuti likulu lipite ku Dodoma, ndipo maunduna anasamukadi nthawi ya malemu Magufuli. Koma khamu la anthu linatsala. Doko lili ku Dar, katundu wa ku China amatsikira ku Dar, ngakhale ena mwa mafuta a galimoto zathu amadzera komweko. Mnyamata wa ku Mbeya akamaliza sukulu amalunjika kumene kukuyenda ndalama, ndipo ine sindingamudzudzule, poti inenso n'zomwe zimandipititsa.

Mayi amene ndimafikira kwawo ku Kimara amadzuka 4 koloko m'mawa kuti akapeze malo m'basi. Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse, mtsinje wa Msimbazi unasefukira pa Jangwani, msewu n'kutsekeka. Ndinangoima ndi zikwama zanga ziwiri, kuyang'ana matiresi, zidebe ndi tinsapato ta ana zikuyandama. Mayi wina ankawoloka atasenza mbaula pamutu, mwana kumbuyo, madzi akulekeza m'chiuno. Mtima unandiwawa. Anthu amenewo sanapite m'dambo chifukwa cha kusamva ayi. Ndi pokhapo pamene lendi yake akanaikwanitsa, komanso pafupi ndi pomwe amapezera chakudya.

Pamenepo ndinakumbukira Mtandire mu 2017, Lingadzi itasefukira. Kunonso tayamba chimodzimodzi. Pitani ku Njewa ndi ku Chitipi mukaone: minda imene tinkaona chimanga yadulidwa maploti, munthu akumanga mpanda mpaka m'njira, ndipo msewu, ngalande ndi mipope tikuti zidzabwera pambuyo. Zidzadutsa pati? Anzathu ku Dar anayambitsa mabasi a mwendokasi, okhala ndi njira yawoyawo, mu 2016, mzinda utadzaza kale. Pofuna kukuza msewu wa Morogoro kuyambira ku Kimara, anachita kugwetsa nyumba za anthu, ndipo kunali misozi.

Choncho ndikupempha akhonsolo, a unduna woona za malo komanso mafumu athu amene akugawa malo m'mphepete mwa mzinda: khalani pansi chaka chino, muike zikhomo posonyeza podzadutsa msewu wa mabasi, ngalande, msika ndi sukulu, anthu asanathire maziko. Amene ali m'mbali mwa Lingadzi muwapezere malo oti angafike kuntchito ndi minibasi imodzi, apo ayi adzabwerera kumtsinje mvula ikangotha.

Mayi wa geni,
Area 25, Lilongwe