Lipoti la nthumwi yathu pa msonkhano wa makalabu owombera ndi akonzi a magazini

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano umene unachitika Loweruka lapitali kufupi ndi Pretoria, kumene makalabu owombera chandamale a m'chigawo cha Gauteng anakumana ndi akonzi ndi alembi a magazini zimene zimalemba za kudzazanso zipolopolo, kutanthauza kuthiranso onga ndi kuika mutu watsopano m'khoko la chipolopolo chimene chinawomberedwa kale. Munandipatsa ntchito ziwiri. Yoyamba inali kukamva ndi makutu anga chimene chautsa mapiri pachigwa pakati pa mbali ziwirizi, ndipo yachiwiri inali kubwera ndi maganizo ngati kalabu yathu isayine kalata imene makalabu ena akuyendetsa, yopempha mamembala kuti aleke kugula magazinizo komanso yoletsa zipolopolo zodzaza kunyumba pa mabwalo owombera. Ndineneretu kuti ndikati magazini m'lipotili ndikutanthauza zowerenga zija zotuluka mwezi ndi mwezi, osati magazini yolowetsa pamfuti, pakuti ngakhale kumsonkhanoko mawuwa anasokoneza anthu kangapo.

Chinatsitsa dzaye ndi ngozi imene woimira kalabu ina anafotokoza. Membala wawo wina anawerenga m'magazini muyezo wa onga umene mlembi anati unam'patsa liwiro labwino pa chipolopolo cha mtundu wa 7x57 Mauser, ndipo anadzaza makoko ake ndi muyezo womwewo osayambira pa muyezo wochepa n'kumakwera pang'onopang'ono. Mfuti yake inali yakale kwambiri, ya mtundu wa Mauser zija zimene zinalowa m'dziko muno la South Africa nthawi ya nkhondo ya Maburu ndi Angelezi. Khoko linang'ambika kumbuyo, mpweya wamoto unabwerera kumaso kwake, ndipo akanapanda kuvala magalasi oteteza bwenzi tikunena zina. Komiti ya kalabuyo inalembera magazini ija kalata yaukali, magaziniyo inayankha m'tsamba la mkonzi kuti owerenga amachenjezedwa m'kope lililonse, ndipo kuyambira pamenepo kulemberana kwake kwakhala kopanda ulemu.

Mbali ya makalabu inayankhula motalika ndipo mfundo zake n'zomveka. Kalabu ndi imene imalipira inshulansi ya bwalo, ndi imene imayankha mafunso a apolisi munthu akavulala, ndipo woyang'anira bwalo ndiye amaima pambali pa wowombera pamene mfuti ikuphulika. Mlembi wa magazini sakhalapo pa nthawiyo. Iwo anadandaula kuti miyezo yambiri yosindikizidwa sinayesedwe ndi makina oyeza pulesha m'mpope wa mfuti, koma mlembi amangoyang'ana ngati primer (kachitsulo koyatsa onga kumbuyo kwa khoko) yaphwatalala kapena ngati bawuti (chotsekera mfuti kumbuyo kwa mpope) yavuta kutsegula, ndipo akaona kuti zonse zili bwino amalemba kuti muyezowo ndi wotetezeka. Mmisiri wokonza mfuti amene analipo anafotokoza kuti zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimaoneka mochedwa, pulesha itadutsa kale malire. Ena anawonjezera kuti magazini zimadalira ndalama za otsatsa malonda a onga, mitu ya zipolopolo ndi zipangizo zodzazira, choncho nkhani yonena kuti onga watsopano wapereka liwiro lalikulu imagulitsa kuposa nkhani youza anthu kuti adekhe. Pa mfundo yomalizayi panalibe amene anaonetsa umboni wakuti mlembi wina analipidwa kuti akweze manambala, ndipo ine ndikuona kuti inanenedwa chifukwa cha mkwiyo.

Akonzi nawo sanabwere manja lende. Anati chimene mlembi amasindikiza ndi lipoti la zimene zinachitika mu mfuti yake, ndi makoko ake, ndi botolo lake la onga, pa tsiku limene anayesa, ndipo palibe amene anauzidwa kuti akopere. Anakumbutsa msonkhano kuti zambiri zimene timagwiritsa ntchito lero zinachokera kwa anthu oyesayesa amene ankalemba m'magazini. Chitsanzo chawo chinali Elmer Keith wa ku America, amene anaphulitsa volovolo ya Colt ya .45 m'zaka za m'ma 1920, kenako n'kuyamba kudzaza zipolopolo za .44 Special mwamphamvu, mpaka Smith & Wesson ndi Remington anatulutsa .44 Magnum chapakati pa zaka za m'ma 1950. Mmodzi wa oimira makalabu anayankha kuti nkhani yomweyo ikutsimikiza zimene iwo akudandaula, chifukwa volovoloyo inaphulikadi, ndipo m'holo monse munamveka kuseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Mfundo ya akonzi imene inandigwira mtima ndi ya kusowa kwa onga. Ambiri a ife tinaphunzira kudzaza ndi onga wa m'dziko muno wa kampani ya Somchem, monga S335, S365 ndi MP200, ndipo kabuku ka miyezo ka kampaniyo kanali kokwanira pa zosowa zathu. Mukukumbukira kuti pa 3 September 2018 pa fakitale ya Rheinmetall Denel Munition kufupi ndi Somerset West, pomwe pankapangidwa onga wa Somchem, panachitika kuphulika kumene kunapha antchito asanu ndi atatu, ndipo m'zaka zotsatira onga wa m'dziko muno unkapezeka movuta. Anthu anatembenukira ku onga wochokera kunja monga Vihtavuori wa ku Finland, Lovex wa ku Czech Republic ndi Hodgdon wa ku America. Mabuku a makampani akunjawa anayesedwa ndi mitu ya zipolopolo, makoko ndi ma primer a kwawoko, pamene ife tili ndi makoko a PMP (kampani yopanga zipolopolo ya m'dziko muno) ndi mitu yopangidwa konkuno, ina ya mkuwa wokhawokha imene imachita mosiyana ndi mitu ya mtovu ikamadutsa m'mpope. Akonzi anati mpata umenewu ndi umene alembi awo amayesa kutseka, ndipo akasiya kulemba, anthu adzapita kukatola miyezo m'magulu a WhatsApp ndi Facebook kumene kulibe mkonzi kapena munthu woti n'kumufunsa. Kunena zoona, ndaonapo zithunzi za miyezo zikuyenda m'gulu lathu lomwe, zopanda dzina la onga lolembedwa mokwanira.

Ndikufuna ndikhazikike pang'ono pa nkhani ya manambala, chifukwa ndikuona kuti mkangano wonsewu wagona pamenepo. Pali mabungwe awiri amene amaika malire a pulesha, SAAMI ya ku America imene inakhazikitsidwa mu 1926, ndi CIP imene mayiko ambiri a ku Ulaya amatsatira. Awiriwa sayeza mofanana ndipo manambala awo sagwirizana nthawi zonse. Pa 7x57 imene inayambitsa nkhaniyi, SAAMI imaika malire pa 51,000 psi poganizira mfuti zakale, pamene CIP imalola 3,900 bar, zimene ndi zoposa 56,000 psi (psi ndi bar ndi miyezo ya pulesha). Mlembi amene ali ndi mfuti yamakono akhoza kuwombera muyezo wapamwambawo kwa zaka popanda vuto, koma muyezo womwewo mu mfuti ya zaka zoposa 100 ndi nkhani ina. Mabuku odziwika a kudzaza amachita mwanzeru pa chipolopolo cha .45-70, pomwe amagawa miyezo m'magulu atatu malinga ndi kulimba kwa mfuti, kuyambira Springfield yakale ya 1873 mpaka Ruger No. 1. Ndinafunsa chifukwa chake magazini sizichita chimodzimodzi pa 7x57 ndi .303 British, zimene zadzaza m'masefa osungira mfuti a dziko lino, ndipo mkonzi wina anavomera kuti limeneli ndi pempho loyenera.

Palinso zinthu zing'onozing'ono zimene sizioneka pa tsamba la magazini. Onga timayeza mu grain, ndipo galamu imodzi ili ndi ma grain 15.4, choncho pa pisitolo, pomwe onga wofulumira umalowa wochepa kwambiri, kulakwitsa pang'ono pa sikelo ndi gawo lalikulu la muyezo wonse, ndipo khoko limatha kulandira miyezo iwiri munthu osazindikira. Makoko a asilikali nthawi zambiri amakhala ochindikala, malo a m'kati n'kuchepa, pulesha n'kukwera. Mutu wa chipolopolo ukakhala pafupi kwambiri ndi poyambira mizere ya m'mpope, pulesha imakweranso. Onga wa dzina limodzi umasiyana pang'ono malinga ndi nthawi imene unapangidwa. Kutentha nakonso kumasintha zinthu, moti muyezo umene unayesedwa m'mawa wozizira wa July ku Highveld ukhoza kukhala woopsa mu December ku Limpopo zipolopolo zitakhala padzuwa m'galimoto. Achikulire athu kumudzi ankathira onga mu gogodera poyeza ndi diso, ndipo onga wakuda uja unkawakhululukira nthawi zambiri, koma onga wamakono wopanda utsi sukhululuka choncho.

Makalabu nawonso sanatuluke oyera. Mlembi wina anawafunsa kuti ndi angati amene ali ndi chronograph yoyezera liwiro la chipolopolo yomwe mamembala angabwereke, ndipo manja amene anakwera anali ochepa. Anakumbutsanso kuti m'mipikisano ya IPSC, bungwe la padziko lonse la mipikisano yowombera, mphamvu ya chipolopolo imawerengedwa pochulukitsa kulemera kwa mutu ndi liwiro lake n'kugawa ndi 1,000, ndipo wofuna kuwerengedwa Major, gulu la zipolopolo zamphamvu limene limapatsidwa mapointi ochulukirapo, ayenera kufika 170 mu gawo la mpikisano la Standard kapena 160 mu la Open, pamene gulu lotsika la Minor limayambira pa 125. Choncho amene amakankha anthu kuti akweze muyezo si magazini zokha ayi, ndi malamulo a mpikisano komanso kunyadirana kwathu pabwalo. Palibe woimira kalabu amene anatsutsa zimenezi.

Chakumapeto kwa tsiku, loya amene amawombera ndi kalabu ina anachenjeza mbali zonse ziwiri za lamulo. Firearms Control Act ya chaka cha 2000, mu gawo 93, imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti imene ali nayo chilolezo, ndipo imaika malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, monga gawo 91 limaikira malire a zipolopolo 200, kupatula kwa amene anavomerezedwa ngati dedicated sports person kapena dedicated hunter, kutanthauza wamasewera owombera kapena mlenje wodzipereka. Koma bilu yosintha lamuloli imene boma linatulutsa mu May 2021 kuti anthu aperekepo maganizo inkafuna kuchotseratu ufulu wodzaza zipolopolo kunyumba. Biluyo inatsutsidwa kwambiri ndipo sinafike pokhala lamulo, koma maganizo amene anaibala sanafe. Loyayo anati kalata yosainidwa ndi makalabu eni ake, yonena kuti zipolopolo zodzaza kunyumba n'zoopsa mpaka kuziletsa pabwalo, idzakhala umboni wokonzedwa kale m'manja mwa aliyense wofuna kubweretsanso bilu yotere. Kwa ife izi zikutikhudza kwambiri, chifukwa ambiri mu kalabu yathu timakwanitsa kuwombera mwezi uliwonse kaamba kakuti timadzaza tokha, ndipo tikati tizigula zipolopolo za kufakitale zokhazokha, ena adzasiya masewerawa.

Msonkhano sunagwirizane chimodzi pa kalata ija. Makalabu ena anati asayinabe, ena anati abwerera kukafunsa mamembala awo monga ndikuchitira ine pano. Akonzi analonjeza pakamwa kuti azilemba mtundu ndi msinkhu wa mfuti imene yayesedwa, utali wa mpope, mtundu wa khoko ndi primer, kutentha kwa tsikulo, komanso kunena poyera ngati muyezo wadutsa wa m'buku la kampani yopanga onga. Anakana pempho lakuti makalabu aziona nkhani zisanasindikizidwe, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino kukana, pakuti komiti ya kalabu ilibenso makina oyeza pulesha ndipo ikanangosenza mlandu umene si wake. Lonjezo lawoli silinalembedwe pena paliponse, choncho tidzaliona m'makope akubwerawa ngati lidzasungidwa.

Maganizo anga kwa inu ndi akuti tisasayine kalatayo ndipo tisaletse zipolopolo zodzaza kunyumba. M'malo mwake ndikupempha kuti tiike m'malamulo a bwalo lathu kuti bokosi lililonse la zipolopolo zodzaza likhale ndi kapepala kosonyeza dzina lonse la onga, muyezo wake, kulemera kwa mutu, tsiku lodzaza ndi kumene muyezowo unachokera, ndipo muyezo wochokera m'magazini uziloledwa pokhapokha mwini wake atauyerekeza ndi buku la kampani yopanga ongayo n'kuyambira pansi, pafupifupi 10 peresenti kuchepera pa muyezo wapamwamba ngati bukulo silinapereke poyambira. Woyang'anira bwalo akhale ndi mphamvu yoimitsa aliyense amene bawuti yake ikuvuta kutsegula kapena amene mfuti yake yalira mofooka modabwitsa, chifukwa mutu wotsalira m'mpope ndi woopsa ngati onga wochuluka. Ndikupemphanso kuti tileke chizolowezi chopatsana zipolopolo zodzaza, ngakhale pachibale, popeza lamulo limatilola kudzaza za mfuti zathu zokha, ndipo muyezo wabwino mu mfuti yanga sindingautsimikize mu yanu.

Chotsala ndi chronograph. Ndikudziwa kuti msungichuma anena kuti thumba ndi lopyapyala, koma popanda makinawa lamulo la kapepala lija lidzakhala lodalira mawu a munthu okha, pamene liwiro lopitirira la m'buku ndi chenjezo limene timaliona primer isanaphwatalale. Ndikupempha wapampando kuti nkhani ya kugula makinawa ndi ya kalata ija zonse ziikidwe pa ndandanda wa msonkhano wathu wotsatira kuti tidzavote, chifukwa amene akuyendetsa kalatayo akudikira yankho lathu mwezi uno usanathe. Malisiti a mafuta ndi ndalama yolowera pamsonkhano ndapereka kale kwa msungichuma, pamodzi ndi ndalama imene inatsala.

Ndine nthumwi yanu.