Za nkhunda zako za ku Joni zija

Aise,

Chithunzi chija ndachiona, nkhunda mbwee pa Park Station ngati nazonso zikudikira basi ya ku Lilongwe. Koma ndaseka pomwe ukuti ndi zomwe zija tinkasaka ndi legeni mu mkuyu wa kudimba kwa agogo, zangonenepa ndi chipisi. Ayi wasokoneza aise. Zakozo ndi zimodzi ndi nkhunda za pakhola zomwe madala ako ankaweta, za mu mkuyu zija ndi mtundu wina.

Za mtauni makolo awo ankakhala mmapanga ndi mmiyala ya mmapiri ku Ulaya, kumpoto kwa Africa mpaka ku India, anthu nkuyamba kuziweta kalekale, kenako zina zinathawa makola nkulowerera. Ndiye nyumba yosanja kwa izo ndi phiri basi, mtengo zilibe nawo ntchito kwenikweni, chisa pawindo kaya pansi pa mlatho, mazira awiri, masiku ngati 18 aswa, ndipo chakudya chikamapezeka zimangoswana chaka chonse. Ku London mpaka analetsa kuzidyetsa pa Trafalgar Square mu 2003 zitanyanya kuipitsa.

Koma nkhunda yobiriwira ya mu mkuyu ija! Sabata yatha ndinaperekeza alamu ku Lifupa, mu paki ya Kasungu muja, ndiye tinaima pa mkuyu wina nkhuyu zitapsa psuu. Tikungomva timalikhweru tosakanikirana ndi kung'ung'udza, nkhuyu zikugwa pansi phwa phwa, mbalame osaiona. Ndinakweza khosi mpaka kuwawa, mwina mamineti 10, kenako tsamba lina ndikuona lasuntha, eee si tsamba ayi, ndiye maso atazolowera ndinawerenga 9 mu nthambi imodzi yomweyo. Ina inali italendewera chadodolido ngati chinkhwe kufikira nkhuyu ya kunsonga, nkhunda yako ya pa siteshoni itayesa zimenezo ingagwe chagada. Mlomo wofiira kumtunda koma kunsonga woyerera, nthenga zachikasu mmiyendo ngati yavala sokosi, paphewa kachigamba kofiirira. Tili ana sitinkaona zonsezi eti, ife maso anali pa ndiwo.

Pansi siitsika wamba imeneyi, madeya ungamwaze bwanji siibwera, yake ndi zipatso, nkhuyu ndi za kachere makamaka, mtengo ukatha gulu lonse lasamuka kukasaka wina. Alamu atangotsokomola zonse phururu, liwiro lake losati masewera. Chisa chake ndi timitengo tochepa pa mphanda, dzira limodzi kapena awiri, masabata awiri aswa. Pomwe zikufanana ndi zakozo ndi poti tiana timadyetsedwa tinthu tonga mkaka tochokera mchithokomiro, tambala ndi thadzi onse amatulutsa, monga umaonera pa maunda.

Chondiwawa ndi ichi, mkuyu wa agogo uja kulibe. Anaudula chaka chatha nkuwotchera njerwa, ndinangopeza chitsa, ndipo chidulireni sindinamvepo likhweru lija kumudzi. Pomwe pa chigayo pa boma nkhunda zachita kuchuluka, zikulimbirana ndi nkhuku mpaka kulowa mmalichero a azimayi. Mwana wanga wamkulu uja ndimamuuza kuti kuli nkhunda yobiriwira akuti adadi mukunama, ndiye ndamulonjeza kuti sukulu akatsekera tipita limodzi ku paki.

Khola la madala ako lilipo, dzulo amayi anandipatsa maunda awiri tinadyera nsima, akuti uwaimbire foni Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Chithunzi cha yobiriwirayo ndinajambula koma pakungooneka masamba okhaokha, ndikutumizirabe pa WhatsApp uyisake wekha.

Ndine mnzako,
wa ku Kasungu konkuno