Zikomo anamwino a ku Kawale ndi ku Bwaila

Kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma la Lilongwe,

Ndine mayi wa ku Chilinde, ndati ndikulembereni kuti mundifikitsireko zikomo wanga kwa anamwino anu.

Mimba ili ndi masabata 35 ndinapita ku sikelo ku Kawale mutu ukundiwawa tsiku lachitatu, panado osathandiza olo pang'ono, nkhope yotupa, mphete itakanirira pa chala, m'maso ndikuona tinthu tonyezimira. Kunyumba aliyense ankangoti mayi wapakati amatupa basi, inenso ndinkatero. Asisita atandiyeza BP anapeza 165/112, anandikhazika pa benchi kuti ndipume kaye nkuyezanso koma osatsika, mu mkodzo anapezamonso puloteni. Ine ndimvekere asisita ingondipatsani mankhwala ndizipita ndasiya nyemba pa mbaula. Sanandikalipire ayi, anakoka mpando nkukhala pafupi nane nkundiuza kuti mayi, kwa woyembekezera ikangofika 140/90 timayamba kale kuda nkhawa, yanuyi yadutsa 160/110, mutha kuyamba kukomoka nthawi ina iliyonse ndipo mwana m'mimbamo magazi sakumufika bwino. Anaitana ambulansi, anaimbiranso bambo a kunyumba pa foni yawo chifukwa yanga inalibe mayunitsi. Zimenezi sindidzaiwala.

Ku Bwaila anandipatsa mankhwala otsitsa BP komanso magnesium sulphate woletsa kukomoka, jakisoni wake wa m'matako onse awiri amene uja amawawa abale, thupi lonse kutentha ngati wakhala pa moto. Koma usiku onse anesi amabwerabe, kudzandigogoda pa bondo, kuwerenga mmene ndikupumira, kuona mkodzo mu kathumba kolandira mkodzo kamene anandiika, odwala ali mbwee mu wodi iwo ali ochepa. Adokotala anafotokoza bwinobwino kuti matenda a BP ya pa mimbawa amatha mwana ndi nsengwa zikatuluka, ndiye anandiyambitsa matenda oti ndibereke ndipo ndinachira mwana wamkazi, 2.1kg. Anandiphunzitsa kumuika pa chifuwa kangaroo uja, chitenje chitamangidwa bwino kuti asazizidwe.

Ponditulutsa anandilembera mu buku kuti ndizikayezetsabe BP mpaka masabata 6 poti imatha kukweranso munthu atachira kale, ndipo ndinatsatira. Dzulo ku sikelo ya mwana ndinapempha andiyeze, inali 120/80.

Chonde bwana, mukawauze anamwino amenewa kuti mwana uja ali bwino, akuyamwa kwambiri ndipo wayamba kumwetulira. Mulungu awadalitse iwo ndi mabanja awo.

Ine mayi wothokoza,
Chilinde, Lilongwe