Kalata yotseguka kwa Bwana Mkulu woona za umoyo wa ziweto

Bwana, ulemu wanu. Moni sinditalikitsa poti makalata awiri ndinalemba kale mwakachetechete, foni ndaimba mpaka alangizi athu anasiya kuyankha, nde lero ndalembera poyera.

Mwezi watha chigodola chinalowa m'khola mwanga. Chinayamba ndi nkhumba yaikazi yomwe inali ndi ana 9, m'mawa inakana chakudya, thupi lili moto, makutu ndi kumimba kuli psuu, yangogona pakona ana akulimbirana mabere opanda kanthu. Tsiku lachitatu inafa. Sabata isanathe ndinali nditakumba maenje awiri, ndipo tiana tija ndinatinyamula m'thumba limodzi mwana wanga akundiyang'ana, iye ankadziwa kuti fizi yake inali yomweyo. Inu bwana mukudziwa kuposa ine kuti chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chimatha kusesa khola lonse, ndipo kachilombo kake kamakhala miyezi munyama ngakhale youmitsa. Matendawa anadziwika koyamba ku Kenya mu 1921, si achilendo oti angakudzidzimutseni. Nanga bwanji palibe anabwera kudzatenga magazi, palibe analetsa kuyendetsa nkhumba? Anzanga ataona zanga anagulitsa zawo usiku motchipa kwa mabutchala, ndipo ine sindiwada, munthu ukakanena umangouzidwa kuti ipha ukwirire, osapatsidwa olo kalikonse. Matenda akuchoka khola ili kupita khola lina atamangidwa pakaliyala ya njinga.

Kung'ombe za mkaka nakonso zili chimodzimodzi. Dibi linauma kalekale, nkhupakupa zadzadza m'makutu pomwe ng'ombe zachizungu sizipirira chigodola cha nkhupakupa ngati zachikuda, zina zikupoloza koma palibe wapima ngati ndi brucellosis, matenda oti amalowa mwa anthu kudzera mumkaka osawiritsa, TB nayo osapima, katemera wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi timangomumva pawailesi.

Ndimalemekeza ntchito yanu ndithu, ndipo ndikudziwa kuti alangizi ndi ochepa. Koma pamsonkhano uja anthu anu anati dibi akonza mvula isanagwe, anati mlangizi apatsidwa njinga yamoto, ife tinaomba m'manja. Mvula yagwa kawiri bwana, mlangizi akuyendabe wapansi ndipo akamachoka pakhola lodwala alibe ngakhale mankhwala otsukira nsapato.

Pempho langa ndi ili. Tumizani a vetenale sabata ino adzatenge magazi apite nawo ku labu, mulengeze kuti nkhumba ndi nyama yake zisatuluke m'dera lino mpaka matenda atazilala, ndipo mlimi amene wanena msanga nkuphetsa nkhumba zake apatsidwe chipukuta misozi, apo ayi anthu apitiliza kubisa. Dibi likonzedwe mvula ikubwerayi isanagwe. Khola langa ndatsuka ndipo lili pululu, sindiikamo nkhumba ina mpaka munthu wanu atadzaliona.

Ine mlimi wa nkhumba ndi ng'ombe za mkaka